Zimbudzi, Zinyalala ndi Chiphaso cha Mumsika: Lipoti la Uphungu Womwe Ndinapereka ku Khonsolo Ina

Lipoti ili ndalilemba pofuna kuthandiza maloya anzanga, akuluakulu a m'makhonsolo komanso makhansala amene tsiku lina adzapatsidwa pepala loti asayine ndi kampani kapena bungwe lomwe likufuna kuwagwirira ntchito yotumikira anthu. Dzina la khonsolo, la kampani ndi la aliyense wokhudzidwa sindinalitchule, popeza zomwe loya wauzidwa ndi womulemba ntchito zimakhala zachinsinsi, ndipo zina zomwe zikanatha kuwazindikiritsa ndazisiya dala.

Mmene nkhani inandipezera

Amene anandiimbira lamya anali mkulu woona zachuma pakhonsoloyo, ndipo panali patadutsa miyezi yochepa chabe kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Iwo anati banki ina yawalembera kalata yopempha kuti khonsolo itsimikize kuti idzabweza ngongole ya kampani ina ngati kampaniyo italephera kubweza, ndipo dzanja lawo likukana kusayina ngakhale sakutha kufotokoza bwinobwino chomwe chikuwaletsa. Nditapempha mapepala onse, ndinaona kuti kalata ya banki inali nsonga chabe ya nkhani yomwe mizu yake inali itazama kale.

Msika waukulu wa paboma ndi depoti ya basi yoyandikana nawo zinali ndi zimbudzi zakalekale zomwe zinali zitadzaza, ndipo zinyalala zinkaunjikana kuseri kwa mabenchi a nsomba kwa masabata chifukwa thirakitala ya khonsolo inkakhalitsa kugalaja kuposa pamsewu. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, womwe unapha anthu oposa 1,700, unachititsa kuti nkhani ya ukhondo wa m'misika isakhalenso yonena kuti tiona mawa. Mkati mwa nkhawa imeneyi, mwini kampani ina ya pomwepo anabwera yekha, osaitanidwa, ndi ganizo looneka lokoma. Iye anati amanga zimbudzi ndi mabafa atsopano pamsika ndi padepoti ndi ndalama zake, azichotsa zinyalala tsiku lililonse, ndipo posinthana ndi zimenezi azitolera ndalama za olowa m'zimbudzi pamodzi ndi chiphaso cha tsiku ndi tsiku cha mavenda kwa zaka 15, n'kumapatsa khonsolo gawo lake mwezi ukatha. Anapemphanso kuti malo omangapo alembedwe m'dzina la kampani yake kuti akawaonetse kubanki, ndi kuti khonsolo imuimire pa ngongoleyo.

Wapampando wa khonsolo ndi mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo anali atasayina kale chikalata cha masamba anayi chotchedwa mgwirizano womvana, pamwambo womwe panali mafumu, komiti ya msika ndi zovina. Pofika nthawi yomwe ine ndinkawerenga chikalatacho, kampani inali itatsitsa kale njerwa, mchenga ndi miyala pamsika, ndipo maziko a nyumba imodzi anali atakumbidwa. M'mabuku a zokambirana ndinapeza kuti komiti yoona zachuma inamva za ganizoli ndipo inati ndi labwino, koma sindinapeze paliponse pomwe msonkhano wa khonsolo yonse unagwirizana nalo, ngakhalenso pomwe komiti yoona zogula katundu ndi ntchito inaliunika. Mapepala osonyeza mwini malo a msikawo anatenga masiku angapo kuti apezeke.

Mafunso omwe anandipatsa anali atatu: ngati chikalatacho chikumanga khonsolo, ngati khonsolo ingathe kuimira kampani kubanki, ndi zoyenera kuchita kuti zimbudzi zimangidwebe. Ine ndinaonjezerapo lachinayi lomwe palibe anali atalifunsa, lakuti kodi chiphaso cha mumsika ndi chinthu chomwe khonsolo ingathe kupereka kwa munthu wamba.

Zomwe malamulo akunena

Poyambira penipeni ndi pa Malamulo Oyendetsera Dziko. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo aliyense wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa, si zake ayi. Gawo 146 limapatsa makhonsolo udindo woimira anthu a m'dera lawo, kusamalira umoyo wawo ndi kulimbikitsa chitukuko. Lamulo la Local Government Act la 1998, lomwe linabwera chaka chimodzimodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, limapanga khonsolo kukhala ngati munthu pamaso pa lamulo, woti angathe kukhala ndi katundu, kupanga makontirakiti, kusumira ndi kusumiridwa, ndipo pakati pa ntchito zomwe limaipatsa pali kuyendetsa misika, kusamalira zinyalala ndi kuonetsetsa kuti pali ukhondo. Choncho funso lakuti kodi khonsolo ingagwire ntchito ndi kampani si lovuta, yankho lake ndi eya. Makhonsolo akhala akuchita zimenezi kwa nthawi yaitali, ndipo chitsanzo chomwe aliyense amachidziwa ndi mapangano omwe maofesi a zaumoyo a m'maboma anayamba kupanga ndi zipatala za mipingo za pansi pa bungwe la CHAM mu 2006, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere m'madera omwe chipatala cha boma chili kutali, boma n'kumalipira.

Povuta ndi pa zomwe zikuperekedwazo. Khonsolo ingathe kupatsa wina ntchito yoti agwire, monga kusesa, kunyamula zinyalala, kumanga ndi kutsuka zimbudzi, koma udindo umene lamulo linaisenzetsa umakhalabe pamutu pake, ndipo kolera akabuka pamsika anthu sadzapita kukafunsa mwini kampani, adzabwera kwa khansala wawo. Lamulo la 1998 lomwelo limaletsa khonsolo kupereka ngakhale kwa komiti yake kapena kwa wogwira ntchito wake mphamvu zina, zomwe ndi kupanga malamulo a m'dera, kubwereka ndalama, kukhazikitsa msonkho wa malo ndi nyumba, komanso kugula kapena kutaya malo. Ngati komiti ya makhansala eniake siloledwa kuchita zimenezi payokha, n'zosatheka kuti anthu awiri, ngakhale akhale wapampando ndi mkulu wa khonsolo, alonjeze malo a msika ndi kuika khonsolo pa ngongole popanda chigamulo cha khonsolo yonse.

Apa ndiyenera kunenapo kanthu kena komwe ndakaona kangapo. Kuyambira 2005 mpaka chisankho cha mu Meyi 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo kwa zaka zonsezo akuluakulu olembedwa ntchito ndi amene ankayendetsa zonse. Chizolowezi chimenecho sichinatheretu. M'maofesi ena msonkhano wa khonsolo yonse umaonedwabe ngati mwambo wongodziwitsa makhansala zomwe zachitika kale, pomwe pamaso pa lamulo msonkhanowo ndiye khonsoloyo. Akuluakulu omwe anasayina chikalata chathuchi sanali anthu achinyengo, monga ndinaonera, koma anakulira m'nthawi imeneyo.

Nkhani yachiwiri inali ya kasankhidwe ka kampaniyo. Pa nthawi yomwe ndinkapereka uphunguwu, lamulo loyendetsa kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma linali Public Procurement and Disposal of Public Assets Act la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 2003. Lamuloli linkakhudza makhonsolo monga momwe linkakhudzira maunduna, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti ntchito iitanidwe poyera kuti onse ofuna apikisane. Kupereka ntchito kwa kampani imodzi popanda mpikisano kunkaloledwa pa zifukwa zochepa zotchulidwa m'lamulo, ndipo ngakhale pamenepo pankafunika chilolezo cha bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, komanso kuti bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB liunikepo. Mfundo yomwe akhonsolo anandipatsa inali yakuti iwo sakugula kanthu, popeza palibe tambala yomwe ikutuluka m'thumba la khonsolo. Mfundo imeneyi imamveka bwino pakamwa koma siimirira. Khonsolo yomwe yalola munthu kutolera ndalama zake kwa zaka 15 yalipira ndithu, kungoti ndalamazo zapita kwa kontirakitala zisanafike kwa msungichuma. Ndiponso malo a msika ndi ufulu wochitirapo bizinesi ndi katundu wa boma, ndipo lamulo lomwelo ndi limene linkayang'anira katayidwe ka katundu wotero.

Komanso mgwirizano wa mtundu umenewu, pomwe kampani imanga ndi ndalama zake, kuyendetsa kwa zaka zambiri, kudzilipira kuchokera kwa ogwiritsa ntchito ndi kubweza chinthucho pamapeto, ndi womwe lamulo la Public-Private Partnership Act linapangidwira. Lamuloli linabwera koyamba mu 2011, n'kuchititsa kuti bungwe lomwe linkagulitsa makampani a boma lisanduke Public Private Partnership Commission, loyang'anira migwirizano ya boma ndi makampani, ndipo linalembedwanso mu 2022. Mtima wake ndi mafunso omwe ayenera kuyankhidwa ndi kafukufuku pasanasayinidwe kanthu: ngati boma ndi anthu angakwanitse mtengo wake, ngati phindu lake likuposa lomwe likanapezeka boma likanagwira lokha ntchitoyo, ndi ngati chiopsezo choluza chasamukiradi kwa kampani. Pa ganizo lathuli palibe anali atawerengera kuti chiphaso chimabweretsa ndalama zingati pachaka poyerekeza ndi mtengo womangira nyumba ziwirizo. Titakhala pansi ndi mkulu wa zachuma n'kuwerengera pogwiritsa ntchito mabuku a khonsolo omwe, zinaoneka kuti kampani ikanabweza ndalama zake zonse m'zaka zochepa zoyambirira, zotsalazo n'kumangokolola. Ponena za chiopsezo, ngati khonsolo ndiyo ikupereka malo a chikole komanso kuimira ngongole, ndiye kuti kampani sinasenze kalikonse.

Za kalata ya kubanki

Pa funso ili ndinakhalitsapo, chifukwa ndi pomwe makhonsolo amagwera m'mbuna yakuya. Kuimira munthu pa ngongole n'chimodzimodzi kubwereka, kusiyana kwake n'kwakuti ndalamazo amadya wina. Khonsolo siloledwa kubwereka mwachisawawa, ndipo ngongole zake ndi zonse zomwe zingadzasanduke ngongole zimayang'aniridwa pansi pa lamulo la makhonsolo ndi la Public Finance Management Act la 2022, pomwe bajeti yake imadutsa ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za chuma cha makhonsolo yomwe inakhazikitsidwa ndi gawo 149 la Malamulo Oyendetsera Dziko. Ndinalangiza kuti kalatayo isasayinidwe, ndipo ndinalembera loya wa banki kumufotokozera kuti ngakhale ikanasayinidwa, bankiyo ikanakhala itagwira mphepo.

Pofuna kumutsimikizira ndinamukumbutsa milandu iwiri ya ku England, yomwe makhothi athu saumirizidwa kuitsatira koma amaimvera chifukwa malamulo athu a mtunduwu anachokera kumeneko. Woyamba ndi wa Hazell ndi khonsolo ya Hammersmith and Fulham, pomwe mu 1991 bwalo la House of Lords, lomwe pa nthawiyo linali lalikulu kuposa onse kumeneko, linagamula kuti mapangano ambirimbiri omwe khonsoloyo inachita ndi mabanki okhudza chiwongoladzanja anali opanda mphamvu, chifukwa lamulo silinaipatse mphamvu yochita malonda otero. Wachiwiri, womwe ukufanana kwambiri ndi nkhani yathu, ndi wa Credit Suisse ndi khonsolo ya Allerdale. Khonsoloyo inkafuna dziwe losambiramo anthu, ndipo pothawa malire omwe boma linaika pa kubwereka, inakhazikitsa kampani n'kuiimira pa ngongole ya mapaundi 6 miliyoni. Kampaniyo itagwa, banki inasumira khonsolo, koma mu 1996 bwalo la apilo linati chitsimikizocho chinali kunja kwa mphamvu za khonsolo, choncho chinali chakufa kuyambira tsiku lomwe chinalembedwa. Mabanki ku Britain anachita mantha mpaka nyumba ya malamulo kumeneko inapanga lamulo lapadera mu 1997 lowatsimikizira kuti makontirakiti ena a makhonsolo sadzakanidwa motero. Loya wa bankiyo atawerenga zimenezi sanalimbikirenso, ndipo ndikukhulupirira kuti anathokoza mumtima.

Wina angafunse kuti ngati chitsimikizo chotero n'chakufa, khonsolo ikanataya chiyani posayina kalatayo. Ikanataya zambiri. Mlandu ukanatenga zaka kunthambi ya zamalonda ya bwalo lalikulu, osayinawo akanatha kufunsidwa paokha ndi mkulu wofufuza za chuma cha boma, ndipo palibe banki ina yomwe ikanadzakhulupiriranso siginecha ya khonsoloyo.

Chiphaso cha mumsika

Chiphaso si mtengo wa malonda ngati wa tomato woti wogulitsa angakweze m'mawa n'kutsitsa madzulo. Chimakhazikitsidwa ndi malamulo a khonsolo, omwe amayenera kuvomerezedwa ndi nduna yoona za maboma ang'onoang'ono, ndipo chili m'gulu la ndalama zomwe khonsolo imadzipezera yokha, zomwe m'makhonsolo ambiri a m'maboma ndi zomwe zimalipira olembedwa ntchito ndi khonsolo mwachindunji, magetsi ndi mafuta. Chikalata chija chinkalola kampani kusintha mtengo wa chiphaso pongodziwitsa khonsolo, ndiponso kulanda katundu kapena kutseka benchi ya venda yemwe sanalipire. Ziwirizi ndinazikana kotheratu. Kukhazikitsa mtengo womwe munthu akakamizidwe kulipira, ndi kumulanga akalephera, ndi mphamvu za boma, ndipo venda wolandidwa thumba la usipa ndi mlonda wa kampani angakhale ndi mlandu wabwino wosumira kampaniyo pamodzi ndi khonsolo.

Khonsolo ingathe kulemba kampani kuti izingotolera m'malo mwake, ndi matikiti a khonsolo, pamtengo wa khonsolo, ndalama zonse n'kumalowa mu akaunti ya khonsolo kenako kampani n'kulandira malipiro ake. Zimenezo n'zololedwa ngati zadutsa mu tenda. Komabe ndinalangiza kuti pamsika uwu asatero, chifukwa otolera chiphaso ndi osesa analipo kale, ena atagwira zaka zambiri, ndipo chikalata chija sichinanenepo kanthu za iwo. Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna chifukwa chomveka pochotsa munthu ntchito ndiponso kumulipira ndalama zomutsanzikira malinga ndi zaka zomwe wagwira, ndipo ndalama zimenezi palibe anali atazionetsa mu bajeti. Akanangouzidwa kuti kuyambira mawa msika uli m'manja mwa ena, khonsolo ikanakathera ku Industrial Relations Court, bwalo loweruza milandu ya zapantchito.

Panalinso nkhani ina yosakoma. Mmodzi mwa makhansala a mukomiti ya zachuma anali mlamu wake wa mwini kampani, ndipo mabuku sankaonetsa kuti anaulula za ubalewu kapena kutuluka pokambirana. Sindinapeze umboni wakuti panadutsa ndalama, ndipo ndinalemba motero momveka, koma ndinachenjeza kuti kukhala chete pa ubale wotere n'kokwanira kugwetsa chigamulo kubwalo, ndipo pansi pa lamulo lothana ndi ziphuphu la Corrupt Practices Act kungathe kubweretsa ofufuza.

Zomwe ndinalangiza ndi mmene zinalandiridwira

Pa funso loyamba ndinayankha kuti chikalatacho sichikumanga khonsolo ngati kontirakiti, chifukwa osayinawo analibe mphamvu yolonjeza zomwe analonjezazo ndipo njira zomwe lamulo limafuna sizinatsatidwe. Koma ndinaonjeza kuti khonsolo singangotembenuka n'kuchoka ngati palibe chinachitika. Mwini kampani anawononga ndalama zake podalira siginecha za akuluakulu, ndipo gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti boma limuchitire zinthu mwachilungamo, limumve, ndi kumupatsa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza zofuna zake. Choncho ndinalemba kalata yoti mkulu wa khonsolo amutumizire, yomufotokozera vuto, yomupempha kuti aime kaye kumanga, ndi yomuitana kuti adzanene mbali yake khonsolo isanagamule. Ndinalangizanso kuti katswiri wowerengera mitengo ya zomangamanga ayeze maziko ndi zipangizo zomwe zinali pamalopo, kuti khonsolo ilipire zokhazo zomwe yapindula nazo, osati phindu la zaka 15 lomwe kampani inkayembekezera.

Pa zoyenera kuchita mtsogolo, maganizo anga anali oti mtolowo umasulidwe. Chiphaso chikhalebe m'manja mwa khonsolo. Ntchito yonyamula zinyalala iitanidwe pa tenda ngati kontirakiti wamba ya nthawi yochepa, yolipidwa malinga ndi maulendo otsimikizika opita kumtaya. Zimbudzi ziitanidwe pa tenda ina, pomwe wopambana amange ndi kuyendetsa kwa zaka zochepa zokwanira kubweza ndalama zake ndi phindu loyenera, malo akhalebe a khonsolo iye n'kungopatsidwa chilolezo chogwirirapo ntchito, ndipo asanalengeze akhonsolo alembere ku Public Private Partnership Commission kuti awauze njira yoyenera ntchito yaing'ono ngati imeneyi.

Msonkhano wa khonsolo yonse pomwe ndinakafotokoza zimenezi unali wotentha. Khansala wina anandifunsa ngati malamulo anga aletsa kolera mvula ikagwa, ndipo funsolo linali ndi nzeru, chifukwa tenda imatenga miyezi pomwe njerwa zinali kale pamsika. Mfumu ina inati kubweza mawu omwe ananenedwa pamaso pa anthu n'kuchititsa manyazi boma lonse. Ndinayankha kuti ndikumvetsa, ndipo ndinapereka njira yoti podikira tenda khonsolo ilembe galimoto yopopa zimbudzi zakale ndi ya zinyalala pogwiritsa ntchito njira yofunsa mitengo kwa ogulitsa angapo, yomwe lamulo limailola pa ntchito zazing'ono. Chomwe chinatembenuza mitima si milandu ya ku England ayi, koma pepala limodzi la mkulu wa zachuma losonyeza ndalama za chiphaso zomwe khonsolo ikanasiya chaka ndi chaka, ndi mndandanda wa zomwe ndalamazo zimalipira. Wapampando wa komiti ya msika, yemwe anaitanidwa kudzamvera, atamva kuti kampani ikanatha kukweza chiphaso payokha, anati iwo pamwambo uja anauzidwa za zimbudzi zokha.

Mwini kampani poyamba anaopseza kuti akasuma, koma loya wake atawerenga kalata yathu tinakhala pansi n'kumvana pa mtengo wa zomwe zinali pamalopo. Anapikisana nawo pa matenda onse awiri, mlamu wake uja atatuluka m'zokambirana zonse, ndipo anapambana pa zimbudzi koma analuza pa zinyalala.

Kontirakiti yomwe tinalemba

Polemba kontirakiti ya zimbudzi ndinaika mtima pa tsiku lomwe zinthu zidzavute, chifukwa tsiku losayina aliyense amakhala wokondwa ndipo palibe amafuna kutchula za kulekana. Mtengo wolowera m'chimbudzi unalembedwamo, ndipo ungasinthe pokhapokha khonsolo itavomereza itamva kaye komiti ya msika. Poona mmene kwacha inagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti chaka chotsatira, kukana kuti mtengo udzasinthe kukanakhala kunamizana, choncho tinalemba kuti uziunikidwa kamodzi pachaka potengera chiwerengero cha kukwera mitengo chomwe ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office imatulutsa. Ana aang'ono ndi anthu aulumali tinati asamalipire, ndipo nyumbazo zikhale ndi khomo lolowa njinga ya olumala. Tinalembamo maola otsegulira, kuti madzi ndi sopo zizipezeka nthawi zonse, kuti woyang'anira zaumoyo wa khonsolo angathe kulowa nthawi iliyonse osadziwitsa, ndiponso kuti kukabuka mliri khonsolo ingathe kulamula kuti anthu azilowa ulere n'kubwezera kampani ndalama zomwe yataya. Ngati kampani itasiya ntchito kapena kulephera kukonza zolakwika itachenjezedwa, khonsolo ili ndi ufulu wolowa n'kuyendetsa yokha popanda kudikira chigamulo cha khothi. Mikangano tinati iyambe yakambidwa ndi akuluakulu a mbali ziwirizi, ikakanika ipite kwa mkhalapakati, khothi likhale pomalizira. Tinaikamonso mawu akuti kontirakitiyo si yachinsinsi, popeza pansi pa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata ndi uthenga wa boma la Access to Information Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, nzika iliyonse ingathe kuipempha.

Pa kontirakiti ya zinyalala nkhawa yanga inali ya mbali ya khonsolo. Mapangano a zipatala za CHAM aja anatiphunzitsa kuti chomwe chimapha migwirizano yotere kawirikawiri ndi kuchedwa kulipira, ndipo zinachitikapo kuti zipatala zina zinaimitsa thandizo laulere chifukwa cha ngongole zomwe boma silinabweze. Ndinapempha kuti gawo lina la chiphaso lizipatulidwa mwezi uliwonse kuti likhale la zinyalala zokha, ndipo khonsolo inagwirizana nazo n'kuzilemba m'mabuku ake.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachiphonya, ndipo ndichinene kuti ena asadzachiphonye. Mita ya madzi ya pamsika inali m'dzina la khonsolo ndipo inali ndi ngongole yakale, koma ine sindinafunse za iyo. Patangopita masabata ochepa zimbudzi zatsopano zitatsegulidwa, madzi anadulidwa chifukwa cha ngongoleyo, ndipo kampani inayamba kugula madzi a m'migolo n'kulembera khonsolo kuti iibwezere, pomwe khonsolo inkati kontirakiti ikunena kuti madzi ndi udindo wa kampani. Onse awiri ankanena zoona malinga ndi mmene ndinalembera. Tinachita kulemba chikalata choonjezera chakuti kampani ikhale ndi mita yakeyake ndipo ngongole yakale ikhale ya khonsolo, yomwe inapangana ndi ogulitsa madzi kuti izibweza pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo, ndikamalemba mgwirizano uliwonse wokhudza nyumba ya khonsolo, ndimayamba ndapempha mabilu omaliza a madzi ndi magetsi.

Pomwe ndikulemba lipotili zimbudzi zonse ziwiri zikugwira ntchito, ndipo chiphaso chikutoleredwa ndi anthu omwe aja pamtengo wa khonsolo. Kumbali ya zinyalala zinthu sizili bwino kwenikweni. Ndalama zopatulidwa zija zinabwerekedwapo kawiri kuti zilipire antchito, kontirakitala analemba kale kalata yoyamba yodandaula za kuchedwa kwa malipiro ake, ndipo woyang'anira yemwe amayenera kutsimikiza maulendo a kumtaya nthawi zina amasayina ali muofesi chifukwa njinga yake yamoto ilibe mafuta. Ndalembera mkulu wa khonsolo kumukumbutsa kuti ngati mwezi wina udutsa osalipira, kontirakitala adzakhala ndi ufulu woimitsa ntchito malinga ndi zomwe tinagwirizana, ndipo ndapempha kuti nkhaniyi ikakambidwe pamsonkhano wa khonsolo yonse womwe ukubwerawu, mvula isanayambe.